Mphambano ya Mawu

Ndinayamba ndi bokosi la tiyi
lomwe bambo anatuluka nalo pageti tsiku lopuma ntchito.
Zaka makumi atatu za kufakitale zinakwana m'menemo:
ovolosi, majombo, kapu yachitsulo.
Ndinalizula misomali, kulicheka, kulimata kawiri
kuti matabwa asamayankhe nawo nyimbo.

Sipika yaikulu ndinagula kwa Namakhwa pa Luchenza,
anaizula m'minibasi yomwe inafera panjira ya ku Thuchila.
Pepala lake linali long'ambika m'mbali,
ndinaliika chigamba cha ambulera ndi guluu wa nsapato.
Yaing'ono, yokwana m'chikhato,
inachoka m'wailesi yomwe inapsa ndi mphezi.

Nditazipatsa waya mmodzi
zinalimbirana mawu ngati oitanira basi.
Yaing'ono inameza ng'oma yosakwana pakhosi pake,
inanunkha ngati tsitsi lopsa
n'kukhala duu.
Namakhwa anaseka, nandigulitsa ina.

Apo m'pomwe ndinadziwa kuti mawu amafuna mphambano,
wina aime pakati n'kumati
iwe wamanzenene tsikira uku,
iwe woonda kwera uko.

Ndinasomphola waya wamkuwa m'mota ya filiji yakufa
n'kumakulunga pa kapaipi ka madzi,
chiperoni chikulowera pansi pa chitseko, zala zitauma gwa.
Pa makumi asanu ndi atatu mwana analira,
ndinasokonezeka, n'kumasula wonse.
Kachitatu ndiye zinatheka.
Koyilo ndi mlonda wogontha:
zolira pansi amazitsegulira, zoonda amazibweza.
Kapasita, kanthu ngati mbewu ya nandolo,
khalidwe lake n'losemphana ndi mnzakeyo.
Ndinaonjeza rezisita kuti yaing'ono isamalalate,
n'kuwotcherera zonse pa kathabwa,
utsi wa mtovu uli m'maso.
M'mimba mwa bokosi ndinatsira thonje la pilo wakale,
kutsogolo kabowo kopumira.

Loweruka ndinalumikiza batire.
Anyamata a njinga anaima pamsewu,
malata ananjenjemera,
Namakhwa anavula chipewa: mtsikana iwe, waitha.

Bambo anakhala pafupi, chigongono pabondo.
Ndinaika kaseti ija ya kwaya ya Mvano,
yomwe amayi anaimba nawo mawu oyamba
ine ndisanabadwe.
Anamvetsera mpaka kumapeto.
Anati, ndikumva kuguguda kokha,
kodi azimayiwo ayamba?

Makina opukusa masamba sadya khutu lonse.
Amayamba ndi nkhululu, kenako mpheta,
kenako kunong'ona, mluzu wa ketulo,
mawu a mkazi akakwera.
Amakusiyira mabingu a m'phiri ndi malole.

Usiku womwewo ndinatsegulanso kumbuyo.
Rezisita ndinadula.
Kapasita ndinasintha kanayi,
ndikusuntha mphambano pang'onopang'ono
ngati malire a munda wa abale,
kulanda kwa wamkulu, kupatsa wamng'ono,
ndikuopa fungo lija la tsitsi.
Zonse zomwe ndinawerengera m'kope ndinaziphwanya.

Mmawa galu anadzuka n'kukagona kuseri kwa bafa.
Aneba anakuwira pampanda kuti zikulasa m'mano.
Inenso ndinatseka khutu limodzi.

Bambo sanagwedezeke.
Nyimbo yachiwiri ili pakati anakweza chala:
uyo.
Edesi uyo, amachedwa kupuma,
anzake atasiya iye amakokabe.
Bwezera.

Ndinabwezera kasanu ndi kamodzi
mpaka batire linayamba kukoka mawu ngati phula.

Dzulo kunabwera mnyamata wa zimbale wa ku Bvumbwe,
akufuna zokuzira mawu za pachinkhoswe.
Anamvera pang'ono, nakwinya nkhope:
bokosi labwino, chemwali, koma munalakwitsa masamu,
pamwambapa pachuluka.
Ndinavomera.
Ndinamulonjeza lina pakutha pa mwezi
akandipezera waya.

Ili likhala pomwe lili, pa mpando wa ndalema,
kuyang'ana khutu lamanzere,
lomwe linkakhala kutali ndi makina.